Wophunzira zamalamulo azikumana liti ndi munthu weniweni wa mlandu?

Pali funso limene lakhala likuvutitsa masukulu a zamalamulo kwa zaka pafupifupi 100 tsopano, ndipo ukangolimva umaona ngati ndi lophweka: mwana amene akuphunzira kuti adzakhale loya, azikumana liti ndi munthu weniweni wa mlandu? Sindikunena munthu wa m'buku uja amangotchulidwa kuti wodandaula kapena woyankha mlandu ayi, ndikunena munthu wamoyo, amene wachotsedwa ntchito osalandira olo kenakake, kapena amene mchimwene wake ali pa rimandi chaka chachitatu fayilo itasowa. Ena amati musiyeni amalize kaye, akaziona akayamba ntchito. Ena amati ayi, mmera mpoyamba, ngati sanakumane naye munthu ameneyu ali pasukulu nde kuti mwina sadzakumana nayenso, chifukwa ofesi imene akalembedweko ntchito anthu otere safikako nkomwe. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndineneretu, koma nkhaniyi ili ndi minga yake ndipo sindiibisa.

Kuti timvetse tiyambire pa mmene maloya amaphunzitsidwira. Mu 1870 Christopher Columbus Langdell atakhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo ku Harvard anabweretsa njira imene inafalikira kutali kwambiri. Ophunzira aziwerenga zigamulo za makhothi akuluakulu, makamaka za apilo, kenako mphunzitsi aziwapanikiza ndi mafunso mkalasi mpaka atulutse okha mfundo ya lamulo imene yabisala m'chigamulomo. Kwa Langdell malamulo anali sayansi, ndipo laibulale ndiyo inali labu yake. Njira imeneyi siyoipa, imanola mutu zedi, munthu amaphunzira kusiyanitsa mfundo yofunika ndi nkhani yongodzazira. Vuto lake ndi lakuti chigamulo cha apilo ndi kumapeto kwenikweni kwa mlandu. Pofika pamenepo nkhani yonse yasefedwa kale, maumboni asanjidwa, misozi yapukutidwa, chatsala ndi mkangano wa maloya awiri pa tanthauzo la ndime inayake. Komanso milandu yofika ku apilo nthawi zambiri ndi ya anthu amene anali ndi mphamvu yokafika kumeneko. Wosauka mlandu wake umathera pansi, pena usanayambe nkomwe, nde wophunzira atha kuwerenga zigamulo mazanamazana osakumana ndi mavuto amene anthu ambiri amagona nawo ndi kudzuka nawo.

Munthu amene anadandaula mokweza za izi anali Jerome Frank, loya amene pambuyo pake anadzakhala jaji. Mu 1933 analemba nkhani yofunsa kuti bwanji pasakhale sukulu ya maloya yokhala ngati kiliniki, mmene ophunzira udokotala amaphunzirira ali pambali pa bedi la wodwala. Anayerekeza ophunzira malamulo a nthawi imeneyo ndi munthu wofuna kudzakhala katswiri wa zomera koma akungophunzira maluwa odula kale, kapena wofuna kumanga nyumba koma akungoona zithunzi za nyumba basi. Dzina loti kiliniki ya zamalamulo linabwerekedwa ku chipatala chonchi, ndipo mpaka pano ndi limene limagwiritsidwa ntchito. John Bradway, mphunzitsi wa zamalamulo, anali atatsegula kale ina pa yunivesite ya Duke ku America mu 1931, koma kwa zaka zambiri zinangokhala zapatalipatali, masukulu otchuka ankaziona ngati zinthu zotsika, zosayenera yunivesite.

Nthawi yomweyomweyo ku Howard, yunivesite ya anthu akuda ku Washington, Charles Hamilton Houston ankachita chinthu china chimene kwa ine ndiye muzu wa nkhani yonseyi. Anayamba kutsogolera sukulu ya zamalamulo kumeneko mu 1929, nkuikhwimitsa kwambiri, ndipo cholinga chake sankachibisa: kuphunzitsa maloya oti akagwetse malamulo a tsankho. Ankauza ophunzira ake kuti loya amakhala chimodzi mwa ziwiri, womanga mtundu wa anthu kapena woyamwa magazi a mtunduwo. Iye mwini anayenda ndi kamera kumadera a kummwera kwa America kujambula masukulu a ana akuda ndi a azungu, kuti kusiyana kwake kuoneke ndi maso osati kungonenedwa. Mmodzi mwa ophunzira ake, Thurgood Marshall, anamaliza mu 1933, ndipo ndi amene anadzatsogolera mlandu wa Brown mu 1954 pamene khothi lalikulu la dzikolo linati kupatula ana m'masukulu potengera khungu nkuphwanya malamulo aakulu a dziko. Houston anamwalira mu 1950, chigamulocho sanachione. Chimene ndimatolapo pa nkhani yake ndi chakuti iye sanasankhe pakati pa chilungamo ndi ukatswiri, ankadziwa kuti loya wakuda akalakwitsa pang'ono pokha kukhothi palibe amene amumvere chisoni, nde mtima wofuna chilungamo umayenera kuyenda limodzi ndi ntchito yosalala, yopanda potola.

Zinadzasintha kwambiri m'ma 1960. Mu 1963 khothi lalikulu la America linagamula mlandu wa Clarence Earl Gideon, mkaidi wa ku Florida amene analemba dandaulo lake ndi pensulo ali mndende, kuti munthu wosauka wozengedwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya ndi boma. Mwadzidzidzi panafunika maloya ambiri a anthu osauka ndipo panalibe. Mu 1968 bungwe la Ford Foundation linaika ndalama zokhazikitsira bungwe lotchedwa CLEPR, lotsogoleredwa ndi William Pincus, limene kwa zaka pafupifupi khumi linkapereka ndalama ku masukulu kuti atsegule makiliniki, ndipo maboma a zigawo anayamba kupanga malamulo olola wophunzira kuimira munthu kukhothi bola pali loya womuyang'anira. Lamulo laling'ono limeneli ndi lofunika kuposa mmene limaonekera, chifukwa popanda ilo wophunzira amangokhala wonyamula mafayilo.

Ndipo sizinathere ku America. Ku South Africa ophunzira a pa University of Cape Town anayamba kiliniki yawo mu 1972, ku Natal David McQuoid-Mason anayambitsa ina mu 1973, mkatikati mwa tsankho la apartheid, pamene anthu akuda ankamangidwa tsiku ndi tsiku pa nkhani ya mapasi. Ku India, mu 1979, loya Kapila Hingorani atawerenga munyuzipepala za akaidi a ku Bihar amene anakhala pa rimandi nthawi yaitali kuposa chilango chimene akanalandira akanapezeka olakwa, anatengera nkhaniyo ku khothi lalikulu. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la Hussainara Khatoon, mmodzi wa akaidiwo, ndipo zotsatira zake anthu pafupifupi 40,000 anatulutsidwa m'dziko lonselo. Timati mlandu suola, inde, koma munthu wodikira mlanduwo mndende amatha ndithu. Kuyambira pamenepo makhothi a ku India anatsegula khomo loti munthu wina atha kudandaula mmalo mwa anthu amene sangathe kudzifikira okha, ndipo mu 1997 bungwe loyang'anira maloya kumeneko linalamula kuti sukulu iliyonse izikhala ndi maphunziro anayi ochita ndi manja, limodzi mwa iwo lokhudza milandu yokomera anthu ambiri ndi thandizo laulere. Mu 1999 aphunzitsi ochokera m'maiko osiyanasiyana anakumana ku Thiruvananthapuram, ku India konko, pamsonkhano woyamba wa bungwe la GAJE (Global Alliance for Justice Education), limene mpaka lero limalumikiza anthu a ntchito imeneyi.

Tsono kiliniki imeneyi mkati mwake mumachitika chani? Tiyerekeze chonchi. Wophunzira wa chaka chomaliza wakhala pa tebulo, wavala bwino, ali ndi pepala la mafunso amene anakonza usiku wonse. Akulowa mayi wina atanyamula jumbo yodzaza mapepala, ena opindika, ena anyowapo, malisiti, kalata ya kuntchito, kope la kuchipatala, zonse pamodzi. Wophunzira akufunsa mwaulemu, "Mayi, vuto lanu ndi lotani?" Mayi aja akuyambira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mmene analowera ntchito, mmene bwana woyamba analili munthu wabwino, mmene mwana anadwalira. Wophunzira mtima uli phaphapha, akufuna tsiku limene anachotsedwa ntchito chifukwa akudziwa kuti pali nthawi yoikika yokadandaulira, nde akuwadula pakamwa kawiri katatu. Mayi aja akungoti "chabwino achimwene," nkukhala chete, kuyamba kuyankha inde ndi ayi basi. Atapita, loya woyang'anira akufunsa wophunzira uja, "Kope la kuchipatala lija analitulutsa kawiri, munawafunsa chifukwa chake?" Sanafunse. Sabata yotsatira mpamene zikudziwika kuti mayi aja anachotsedwa atangobwerako kuchipatala atavulala pantchito pomwepo, kutanthauza kuti mlandu si umodzi koma iwiri, ndipo wachiwiriwo ndiye waukulu.

Phunziro limenelo mulibe m'chigamulo chilichonse cha apilo. M'buku mfundo za mlandu zimabwera zitasanjidwa kale mundime yoyamba, pamene m'moyo zimabwera mujumbo, ndipo kuti uzitulutse pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Koma taonaninso kuti chimene chinasandutsa tsikulo kukhala phunziro si mayi aja okha, ndi funso la woyang'anira lija. Kiliniki yeniyeni imayenda chonchi: wophunzira akonzekere, achite yekha, kenako akhale pansi ndi woyang'anira kuunika chimene chachitika, osati kungofunsa kuti walakwitsa pati komanso kuti nchifukwa chiyani mayi ameneyu anatha miyezi yonseyi osapeza womuthandiza, lamulo likuti chiyani ndipo chimene chikuchitika pansi nchiyani, ndani amapindula zinthu zikakhala chonchi. Mafunso omalizawa ndi amene amasiyanitsa kiliniki yongophunzitsa luso ndi kiliniki yophunzitsa chilungamo pakati pa anthu. Ukachotsa kukambirana kumeneku wophunzira amangotola nkhani zomvetsa chisoni zokafotokozera anzake, osasintha kaganizidwe.

Njira zake zilipo zingapo ndipo sizifanana kulemera. Pali kutumiza ophunzira kukagwira ntchito ku mabungwe kapena ku maofesi othandiza anthu pa milandu kwaulere, zimene nzotchipa kwa sukulu koma ubwino wake umadalira amene wakupeza kumeneko. Pali Street Law, imene inayamba pa yunivesite ya Georgetown ku America mu 1972, ophunzira zamalamulo kupita kukaphunzitsa ana a sekondale, kenako akaidi ndi magulu ena, za ufulu wawo m'chilankhulo chomveka, ndipo ku South Africa inagwira moto kwambiri kuyambira m'ma 1980. Imeneyi ine ndimaikonda chifukwa palibe mayeso ovuta kwa wophunzira malamulo kuposa kufotokozera munthu wamba kuti belo nchiyani popanda kuthawira ku mawu achilatini. Pali makiliniki otsata nkhani imodzi, monga Innocence Project imene Barry Scheck ndi Peter Neufeld anayambitsa mu 1992 pa sukulu ya Cardozo ku New York, pamene ophunzira ankafukula mafayilo akale nkugwiritsa ntchito umboni wa DNA kumasula anthu amene anamangidwa osalakwa. Ndiye pali pro bono, maola a ntchito yaulere. Sukulu ya zamalamulo ya pa yunivesite ya Tulane inali yoyamba ku America kukakamiza ophunzira ake kutero mu 1987, ndipo kuyambira 2015 aliyense wofuna kulembetsa ngati loya ku New York amayenera kuonetsa maola 50 a ntchito yotereyi.

Pa zokakamiza pamakhala mkangano ndithu. Ena amati chifundo chokakamiza si chifundo, wophunzira wosafuna akangopita kukasainitsa pepala basi ndipo wovutika amakhala kilayenti, munthu wofuna thandizoyo. Pali choona pamenepo. Koma mbali inayo imayankha kuti nkhaniyi siyachifundo nkomwe. Maloya anapatsidwa ndi lamulo mwayi woti iwo okha ndi amene aziimira anthu kukhothi, wina aliyense akayesa walakwira lamulo, nde amene wapatsidwa kiyi wa chitseko yekhayekha ali ndi ngongole kwa amene atsalira panja. Ndipo atsalira panja ndi ambiri zedi. Lipoti la 2019 la gulu la Task Force on Justice linati anthu pafupifupi 5.1 biliyoni padziko lonse sapeza chilungamo chenicheni mwanjira ina kapena inzake, ndipo mwa amenewa 1.5 biliyoni ali ndi vuto lokhudza malamulo limene akulephera kulithetsa. Olo ku America komwe maloya ndi ochuluka, bungwe la Legal Services Corporation linapeza mu 2022 kuti pa mavuto akuluakulu a anthu osauka osakhudza upandu, 92 pa 100 alionse salandira thandizo la loya kapena thandizo lake limakhala losakwanira. Sitifunsa wophunzira ngati akufuna kuphunzira malamulo a makontirakiti kapena ayi, timangoti ndi ofunika, nanga bwanji izi tizizisiya kuti wofuna achite wosafuna asiye?

Chinthu china chimene chimandipweteka ndi chimene ofufuza anachiona kalekale, kuti ana ambiri amalowa sukulu ya zamalamulo ali ndi mtima wothandiza ovutika koma potuluka mtimawo wazilala. Robert Stover anatsatira ophunzira a ku Denver kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo kafukufuku wake amene anatuluka mu 1989 anaonetsa kuti chiwerengero cha ofuna kuyamba ndi ntchito yothandiza anthu wamba chinatsika pafupifupi ndi theka. Palibe lekichala amene amaima kutsogolo nkunena kuti iwalani osauka. Zimalowa pang'onopang'ono: maphunziro amene amaonedwa ngati a anthu anzeru ndi a makampani ndi misonkho, amene amatamandidwa pa tsiku la mphoto ndi amene atengedwa ndi maofesi akuluakulu, wophunzira akafunsa mkalasi kuti koma chigamulochi nchachilungamo, amauzidwa kuti limenelo si funso la malamulo. Akamva zimenezi zaka zitatu zinayi amaphunzira kuti kukhala loya wokhwima ndiko kusiya kumva. Pamwamba pake pali ngongole ya fizi ndi abale amene akudikira kuti mwana wathu wamaliza. Uyu sindingamuweruze, njala siidikira kuti mlandu wa anthu ambiri uthe. Nchifukwa chake ku America mu 2007 anakhazikitsa ndondomeko yoti amene wagwira ntchito yothandiza anthu nkubweza ngongole ya boma kwa miyezi 120, yotsalayo imakhululukidwa, ndipo masukulu ena ali ndi thumba lawo lothandizira omaliza maphunziro otere. Kulalikira chilungamo kwa wophunzira popanda kuganizira kuti adzadya chiyani nkumusiya panjira.

Ndiye pali nkhani ya ndalama ya sukulu yeniyeniyo. Lekichala mmodzi atha kuphunzitsa ana 200 muholo imodzi, koma loya woyang'anira kiliniki sangasamale bwino ophunzira opitirira asanu ndi atatu kapena khumi, chifukwa kalata iliyonse yotuluka ayenera kuiwerenga, kukhothi ayenera kukhalapo, dzina limene lili pachiswe ndi lake. Kiliniki ndi yodula, nde bajeti ikafinyidwa imayamba kudulidwa ndi iyo. M'malo ambiri imakhalira ndalama za mabungwe othandiza, pulojekiti ikatha chitseko chatsekedwa, mafayilo a anthu ali mkati. Aphunzitsi a kiliniki nawonso nthawi zambiri amakhala pa kontirakiti yaifupi, alibe mawu pa misonkhano yokonza maphunziro, ndipo ophunzira amaona zimenezi nkudziwa okha kuti chofunika pasukulu pano ndi chiti. Ku America bungwe la maloya la ABA linalamula mu 2014 kuti wophunzira aliyense azikhala ndi makirediti 6 a maphunziro ochita ndi manja, koma pa makirediti osachepera 83 a digiri yonse, ndipo 6 amenewo atha kukwaniritsidwa ndi milandu yongoyerekeza popanda kilayenti weniweni. Ku India lamulo la maphunziro anayi lija lilipo, koma wophunzira saloledwa kuimira munthu kukhothi ndipo mphunzitsi wolembedwa ntchito yokhazikika naye saloledwa, nde m'masukulu ambiri zimathera pa pepala.

Kiliniki ikayamba kugwira ntchito yake bwinobwino imapezanso adani. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Louisiana, chimodzi mwa zigawo za America. Mu 1996 kampani ya Shintech inafuna kumanga fakitale yaikulu ya mapulasitiki ku Convent, dera la anthu ambiri akuda ndi osauka limene linali litazunguliridwa kale ndi mafakitale a mankhwala. Anthu a m'deralo amene sankafuna anapita ku kiliniki ya zachilengedwe ya ku Tulane, ophunzira nkuwaimira, ndipo anaimira mwamphamvu moti mu 1998 kampaniyo inasiya malowo. Bwanamkubwa Mike Foster ndi magulu a zamalonda anakwiya kwambiri, ndipo chaka chomwecho khothi lalikulu la chigawocho linakhwimitsa lamulo la amene ophunzira angawaimire, zimene zinapangitsa kuti magulu ambiri a anthu asathenso kuthandizidwa ndi kiliniki. Apa mpamene pamabwera funso limene otsutsa amafunsa, ndipo ndi funso loyenera kuyankhidwa: kodi yunivesite ikuphunzitsa malamulo kapena ndale? Chilungamo chake cha ndani, poti anthu ena a ku Convent komweko ankafuna ntchito za pafakitalepo? Yankho langa ndi lakuti kampani inali ndi maloya ake kale, boma linali ndi ake, amene analibe ndi anthu aja, nde kuwapatsa woimira si kusankha chipani koma kuonetsetsa kuti jaji amve mbali zonse. Komabe chenjezo lili m'funsomo ndi loona. Kiliniki imene wophunzira amaopa kutsutsa maganizo a mphunzitsi wake, imene imagawa mamakisi potengera kuti ukugwirizana nafe kapena ayi, yasiya kuphunzitsa. Wophunzira amene adzakhale loya wa boma, wa banki, kapena jaji, naye akufunika kulowamo nkumva kuti ndi kwawo, mwinanso iyeyo ndi amene akufunika kwambiri.

Koma munga waukulu kuposa yonse uli pakati pa wophunzira ndi kilayenti. Tinene zoona, nchifukwa chiyani amaphunzirira pa wosauka? Wolemera sangalole kuti mlandu wake ugwiridwe ndi mwana wa chaka chachitatu. Wosauka amalola chifukwa alibe kwina kopita, ndipo zimenezi zimaika udindo wolemera pa sukulu. Ayenera kuuzidwa momveka kuti amene akumuthandiza ndi wophunzira ndipo loya wake weniweni ndi uyu, chinsinsi chake chisungidwe ngati cha kilayenti wina aliyense osati kusanduka nkhani ya pa WhatsApp ya kalasi, ndipo ntchito yake ikhale yapamwamba. Chosangalatsa nchakuti kiliniki yoyendetsedwa bwino nthawi zambiri imapereka ntchito yabwino kwambiri, chifukwa wophunzira ali ndi milandu iwiri itatu yokha ndipo amaiwerenga mpaka kuiloweza, pamene loya wa thandizo laulere ali ndi mulu wofika kudenga. Koma zimenezi zimachitika pokhapo woyang'anira alipo ndipo ali maso.

Ngozi ina ndi ya loya wodziona ngati mpulumutsi. Derrick Bell, amene anagwirapo yekha milandu yambiri yothetsa tsankho m'masukulu, analemba mu 1976 kuti maloya a ufulu wa anthu nthawi zina ankatumikira mabwana awiri, mfundo yawo yaikulu ndi makilayenti awo, ndipo ziwirizi sizinkagwirizana nthawi zonse. Maloya ankalimbikira kusakaniza ana m'masukulu olo zitatanthauza kuwanyamula pa basi kupita kutali, pamene makolo ena akuda chimene ankafuna kwenikweni chinali sukulu yabwino ya mwana wawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nde loya, kaya wophunzira kaya wamkulu, asamathamangire kutsekula chitseko chimene mwini mimba sanaloze. Wophunzira wa moto amafuna mlandu waukulu wokasintha lamulo, pamene mayi aja mwina akungofuna ndalama zawo mwezi uno kuti asatulutsidwe m'nyumba, ndipo akasankha kugwirizana kunja kwa khothi chisankhocho nchawo. Kuphunzira kumeza zimenezi ndi gawo la maphunziro. Ndipo olo mlandu waukuluwo upambane, nkhani siithera pa chigamulo. Irene Grootboom anapambana mu 2000 ku khothi la malamulo aakulu la South Africa pa nkhani ya ufulu wokhala ndi pogona, mlandu umene umaphunzitsidwa m'maiko ambiri, koma iye anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Wophunzira amene wangowerenga chigamulocho amadziwa theka la nkhani.

Nchifukwa chake ena amati kiliniki payokha sikwanira, chilungamo chilowe m'maphunziro onse kuyambira chaka choyamba. Pophunzitsa makontirakiti pakhalenso kontirakiti ya munthu amene anasaina ngongole osatha kuwerenga, pophunzitsa za malo pakhalenso wochita lendi amene katundu wake waponyedwa panja, pophunzitsa za milandu ya upandu ophunzira akakhale tsiku lathunthu m'khothi la majisitireti nkuwerenga okha kuti ndi angati anali ndi loya, ndipo mlandu uliwonse unatenga mphindi zingati. Izi sizifuna ndalama zambiri, zimafuna mphunzitsi wofuna. Ophunzira aphunzirenso kugwira ntchito ndi anthu amene si maloya, maparaligo (anthu ophunzitsidwa kuthandiza anzawo pa zamalamulo koma osakhala maloya), ogwira ntchito zachitukuko, atsogoleri a magulu, chifukwa maloya okha sadzakwana. Chikalata cha Lilongwe Declaration cha 2004, chimene chinatuluka pa msonkhano wa maiko a mu Africa wokhudza thandizo la zamalamulo pa milandu ya upandu, chinanena poyera kuti maparaligo ndi ophunzira zamalamulo ali ndi gawo lawo, ndipo mfundo zimene United Nations inavomereza mu 2012 pa nkhani yomweyi zimalimbikitsanso maboma kugwira ntchito ndi makiliniki a m'mayunivesite.

Pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene ine ndimayang'ana ndikafuna kudziwa ngati sukulu ikuchita izi ndi mtima wonse, ndipo ndi nkhani ya kalendala. Semesita imatha pakatha miyezi inayi, mlandu wa mayi aja utha kutenga zaka ziwiri. Mayeso akafika ophunzira amasowa, holide ikafika ofesi imatsekedwa, koma tsiku la kukhothi silisuntha chifukwa choti ana ali pa holide, ndipo nthawi yoikika yokadandaulira ikadutsa yadutsa. Makiliniki osamala amakhala ndi loya wokhazikika amene amagwira mafayilo nthawi ya tchuthi, salandira milandu yoposa imene angaimalize, ndipo wophunzira asanachoke amayenera kulemba kalata yosiyira mnzake: zimene zachitika, zimene zatsala, masiku ofunika, mboni iti imapezeka nthawi yanji, komanso zinthu zimene kilayenti ananena movutika zoti asafunsidwenso kachiwiri. Ena amafika pokonza tsiku loti wotuluka, wolowa ndi kilayenti akhale pamodzi. Mayi aja akabweranso ndi jumbo yawo semesita yatsopano, amapeza nkhope yachilendo pa tebulo paja, ndipo pamakhala ziwiri: kapena wophunzira watsopanoyo ati "Mayi, tayambani kufotokoza vuto lanu," iwo nkuyambiranso zaka zisanu ndi ziwiri zija kachitatu, kapena ati "Mayi, ndawerenga zonse, kalata ya adokotala ija yafika, tsiku lathu kukhothi ndi Lachinayi sabata ya mawa, tiyeni tikonzekere zimene akakufunseni."